Thawa, Madzi Afika!

Mukadadutsa ku Malota chakumasana, zaka zija za m'ma 1990 zitangoyamba, mukadalumbira kuti pa nyumba ya ba Pumulo pabuka ndewu. Wina akuti, "Iwe wamabisi, unayamba waganizapo chinthu chilibe nyanga pa umoyo wako?" Wina akuyankha, "Khala zii, wodya hopani, mutu wako unangena madzi ukali mwana!" Alendo ankaima pamsewu kuti aleretse. Aneba sankatembenuka n'komwe, chifukwa ankadziwa kuti ndi madala awiri aja, ba Pumulo ndi ba Mweetwa, ali pa chesi pansi pa mtengo wa mango.

Ba Pumulo anali Mlozi, ba Mweetwa Mtonga, ndipo mitundu iwiriyi ndi yapachimbuya. Mbuya wako umamunyoza pamsika, umamuseka paukwati, ngakhale pamaliro ake umakamunena kuti wathawa kulima, ndipo palibe amakuimba mlandu. Akasiya kukunyoza, pamenepo ndiye uziyamba kudzifunsa kuti wamulakwira chiyani. Choseketsa n'chakuti onse awiri anabadwira mu Livingstone momwemo. Ba Mweetwa ankanenedwa tsiku ndi tsiku kuti amakonda ng'ombe kuposa mkazi, ati m'mitsempha mwawo mumayenda mabisi, mkaka wosasa uja, chonsecho analibe ngakhale mchira wa ng'ombe. Ba Pumulo, mdzukulu wa anthu a mabwato, ankaopa madzi moti Zambezi ankangomuonera patali, ndipo hopani, ng'azi imene Alozi amanenedwa nayo, akaiona ankakwera pampando.

Chesi anaiphunzirira ku njanji. Ba Pumulo anali dalaivala wa sitima, ba Mweetwa galadi wa kumbuyo, wa mbendera ndi wezulo. Sitima ya ku Mulobezi, yonyamula matabwa ija, inkayenda ngati ikupepesa njanji, ndipo ikaima m'tchire inkaima mpaka anthu kutsika n'kukazula bowa. Ba Pumulo ankatsika kutsogolo, ba Mweetwa kumbuyo, n'kukumana pakati ndi bolodi m'khwapa. Zidutswa zake anawasemera munthu wa ziboliboli wa ku mathithi a Zambezi. Mahachi ankaoneka ngati mbidzi, mabishopu ngati azimayi osenza mitsuko. Msilikali mmodzi wakuda anatayikira m'tchire lomwelo, ndipo m'malo mwake munalowa nati ya njanji, imene inagwira ntchitoyo mokhulupirika zaka zonse zotsatira.

Ba Pumulo akaopseza mfumu ya mnzawo sankati "cheki" ngati anthu ena onse. Ankamenyetsa chidutswa pabolodi, pha! n'kukuwa kuti, "Thawa, wamabisi, madzi afika!" Nkhuku zinkabalalika pabwalo.

Kenaka tauni inayamba kuzilala. Mafakitale a mabulangete ndi a mawailesi anatseka, sitima zinachepa, anzawo ambiri anabwerera kumidzi, ena kumanda. Awiriwa atapuma ntchito chinawatsalira ndi mtengo wa mango, bolodi ndi pakamwa. Ndipo kunena zoona, zinkawakwanira.

M'nyengo yozizira ya 1996 ba Pumulo anagwa m'bafa. Sitiroko. Atabwera kuchokera kuchipatala, dzanja lamanja linali lende, mwendo ukukwekwereza, kamwa itapindikira kumbali, ndipo mawu onse anali atapita. Munthu amene ankaposa wezulo wa sitima tsopano ankangoti "aa, aa" akafuna madzi. Koma maso, abale, maso anali omwe aja, akuthwa ndi achipongwe.

Apa ndi pamene ba Mweetwa analakwitsa, ndipo analakwitsa ndi mtima woyera. Anafika ndi malalanje a ku Maramba Market, chipewa chili m'manja, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati mkamwini. "Mwauka bwanji, ba Pumulo? Osadandaula, Mulungu ni wamkulu." Chipongwe chinkabwera chokha mpaka pakhosi, poti lilime linazolowera, koma ankachimeza. Munthu wosatha kuyankha ungamunyoze bwanji? Ba Pumulo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufunsa kuti mbusa ameneyu wamutuma ndani.

Tsiku lina ba Lonah, akazi a ba Pumulo, anatulutsa bolodi ija n'kuipukuta. Maso a wodwala anawala. Anasuntha msilikali ndi dzanja lamanzere, movutikira koma pamalo pake penipeni. Masewero ali mkati, ba Mweetwa anatenga kwini yawo, chidutswa champhamvu kuposa zonse, n'kuiika dala pakamwa pa msilikali wa mnzawo. Itadyedwa anaomba m'manja. "Ah, mwanigwira! Muli na mphamvu, ba Pumulo!"

Ba Pumulo anayang'ana kwini ija. Kenaka anakweza dzanja lamoyo lija n'kusesa bolodi yonse, zidutswa mbwee pansi, nati ija kugubudukira kunsi kwa kabati. Kuyambira tsikulo ba Mweetwa akalowa, mnzawo ankatseka maso n'kudzigonetsa. Chakudya anayamba kukankha. Zolimbitsa thupi zimene a chipatala anawauza anazikana, ndipo ndodo yoyendera inangokhala pakona. Ba Mweetwa ankabwerera kwawo ali ndi mantha. Maliro a anzawo anali atayendapo ambiri, ndipo ankadziwa mmene munthu amaonekera akasiya kudzigwira. Ankaopa kuti Pumulo afa, ndipo ankaopa koposa kuti afa asakuwafuna.

Mwana woyamba wa ba Pumulo, Gladys, ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yotengera alendo pa mabwato a mphira kunsi kwa mathithi, cha ku msewu wa ku bwalo la ndege. Ku ofesiko kutabwera makompyuta atsopano, anapempha yakale n'kubwera nayo pa takisi Loweruka lina. Malota yonse inatuluka kudzaona. Chinthucho chinali chotuwa, cholemera ngati thumba la simenti, mbali zitatu: bokosi, sikirini, ndi thabwa la mabatani.

"Ni TV iyi?" anafunsa ba Lonah.

"Iyayi amama, ni kompyuta. Mukati muli chesi. Izasewera na bo ndate," anatero Gladys akuloza bambo ake.

Ba Mweetwa analipo, atakhala pakona ndi malalanje awo. Anaseka chamumtima. Bokosi kusewera chesi!

Kuiyika kunali nkhondo. M'nyumba monse soketi inali imodzi, ndipo inali ya firiji. Anagwirizana kuti masana firiji izipuma. Tebulo la mashini osokera linasamutsidwa kuchipinda, zingwe zinalumikizidwa, ndipo ba Lonah asanafunse munthu anali atayala kale kansalu koluka pamwamba pa sikirini n'kuikapo maluwa apulasitiki. Gladys anawachotsa, nati chinthuchi chimapuma ndi timabowo tapamwambapo, ndipo ndi kutentha kwa mu Livingstone chingakomoke. Anadina batani. Bokosi linakhosomola n'kuyamba kung'ung'udza. Analowetsa kadisiketi kakuda, analemba mawu pa sikirini yakuda bii, ndipo mwadzidzidzi panatulukira bolodi, zidutswa zonse zili m'malo mwake.

Ba Pumulo, amene anali atadzigonetsa chifukwa cha mlendo wawo uja, anatsegula diso limodzi.

"Bo ndate," anatero Gladys, "iyi ili na masitepe. Pansi isewera monga mwana, pamwamba monga katswiri. Niyike pati? Pansi, tiyambe pang'ono pang'ono?"

Ba Pumulo anamenya tebulo. Analoza kudenga. Gladys anakweza pang'ono, iwo anamenyanso, anakwezanso, anamenyanso, mpaka anafika pamene makinawo ankaganiza nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi asanasunthe kanthu. Pamenepo mpamene mdalayo anagwedeza mutu.

Koma panabuka vuto. Sikirini inkawaliritsa misozi, ndipo dzanja lamanzere linkadina mabatani awiriawiri. Makinawo akapatsidwa chinthu chosatheka ankalira, piii! Ba Pumulo anatopa nazo, n'kuloza bolodi yawo yamtengo pamwamba pa kabati. Gladys anamvetsa. Anatenga penti wake wa m'zikhadabo, wofiira, n'kulemba zilembo m'mbali imodzi ya bolodi, manambala mbali inayo, kuti kabokosi kalikonse kakhale ndi dzina. Bambo ake azisewera pa mtengo monga kale. Munthu wina akhale kutsidya, azilemba pa mabatani zimene mdala wasuntha, ndipo kompyuta ikayankha azisuntha zidutswa zake pabolodi.

"Manje ine masana nili ku nchito," anatero Gladys. "Amama chesi sibaiziba. Ba ankolo, imwe mungakhale manja ya kompyuta?"

Ba Mweetwa anayang'ana mnzawo. Ba Pumulo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala pamilomo. Tanthauzo lake linali lomveka: manja okha, pakamwa ayi.

Motero galadi wakale anaphunzira kompyuta atakalamba. Gladys anawaonetsa kuyatsa, kudikira bokosi lithe kukhosomola, kulemba dzina la kabokosi kochokera ndi kopitako, n'kudina batani lalikulu. Ankasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, ngati nkhuku yotola mapira. Sikirini inayang'ana kwa iwo, ba Pumulo ankangoona msana wake.

Ndipo makina aja, ha, analibe chisoni ngakhale pang'ono! Sankadziwa za sitiroko. Sankadziwa kuti munthuyu anayendetsapo sitima kapena kuti malovu akumudontha. Ukasiya chidutswa poyera ankadya, basi. Tsiku loyamba anawapha ba Pumulo asanathe n'kapu ya tiyi. Ba Mweetwa ndiwo ankanyamula mpeni wake, kuchotsa pabolodi bishopu wa mnzawo, nsanja, kwini, mpaka mfumu kusowa kothawira. Ankayembekeza kuti bolodi isesedwanso. Koma ba Pumulo anafwenthera, natola zidutswa chimodzichimodzi n'kuziimikanso.

Madzulo amenewo anamaliza mbale yonse. Sabata isanathe anayamba kudzikoka okha ndi ndodo kupita patebulo, ndipo ba Mweetwa akachedwa ankawapeza akugogoda pansi mosapirira. Ba Pumulo ankagonja tsiku ndi tsiku, koma masewero ankatalika. Ba Lonah anayambiranso kuimba akamachapa.

Mungaganize kuti ba Mweetwa anakondwa. Anakondwa, inde, koma nsanje inawalumanso. Zaka zonsezi za pa njanji, lero mnzawo akuthamangira bokosi, iwo asanduka wantchito wa bokosilo! Komanso chisoni chija sichinawachoke. Akaona thukuta pachipumi pa mnzawo, mlomo ukunjenjemera, kenaka n'kumudyera chidutswa ndi dzanja lawo lomwe, mumtima ankati, munthu wodwala apambaneko kamodzi, kodi n'tchimo?

Masana ena a mu Okutobala, kukutentha moti malata ankalira, ba Pumulo anasewera bwino kuposa masiku onse. Anali atapanikiza mfumu ya makina pakona. Koma posangalala anasiya kwini yawo pamene hachi ikanatha kuidumphira. Bokosi linang'ung'udza, linang'ung'udza, kenaka pa sikirini hachi inadumpha ndipo kwini inazimiririka. Ba Mweetwa anayang'ana sikirini, anayang'ana nkhope ya mnzawo. Anatambasula dzanja, kulambalala hachi ija, n'kukankha nati ya njanji, kamsilikali kosalakwa ka m'mphepete.

Ba Pumulo anakweza nsidze. Anayang'anitsitsa nati ija. Kenaka anagwira kwini yawo n'kuitsetsereza kutsogolo.

Apa mpamene ba Mweetwa anazindikira dzenje limene anadzikumbira. Anayenera kuuza makina kuti kwini yasuntha, koma kwa makinawo kwini inali itafa kale. Analemba. Piii! Anapukuta magalasi n'kulembanso. Piii! Thukuta linatsika m'khosi.

"Yatentha chabe," anatero, kuiwala lamulo la chala pamilomo. "Gladys anakamba kuti ikatentha..."

Piii!

Ba Pumulo kulira kumeneko ankakudziwa bwino. Anagwira ndodo, anadzikoka, anazungulira tebulo mwendo ukukwekwereza, mpaka anaima kumbuyo kwa mnzawo. Anaona bolodi ya pa sikirini. Anaona ya patebulo. Sanasese kanthu ulendo uno. Anangotola kwini yawo pabolodi, anatsegula dzanja la ba Mweetwa, anaiikamo n'kulitseka. Kenaka analoza chitseko. M'maso mwawo munali misozi, ndipo sinali ya sikirini.

Ba Lonah anapeza ba Mweetwa pageti. Anali atamva zonse ali kukhichini.

"Mulamu, imwe mwakula, koma nzelu mwasiya kuti?"

"Nenze kufuna chabe kuti akondwereko."

"Akondwere? Chifundo chinapha nkhwali, mulamu. Kwanja kwayenda, kamwa yayenda, chasala ni mutu. Manje imwe mubwera na maolenji yanu kumuuza kuti na mutu wayenda. Ise tonse timunyengerera, ine, ba m'chalichi, bana. Ise ni nchito yathu. Koma imwe? Paja ndimwe ndani kwa iye?"

Ba Mweetwa anatuluka pageti. Anapita kwawo kwini ili m'thumba la jekete.

Masiku angapo sanaponde ku nyumba ija. Ankadzuka, kusesa pakhomo, n'kumangozungulira. Tsiku lina miyendo inawatengera ku siteshoni, kumene anapeza udzu utamera pakati pa njanji za m'mbali ndi mabogi akale akuchita dzimbiri. Anakhala pa benchi. Dzanja linalowa m'thumba n'kukhudza kwini ija, ndipo osadziwa chifukwa chake anakumbukira maliro a akazi awo, ba Justina.

Nthawi imeneyo iwo anali atakhala pamphasa masiku osadya, osalankhula. Anthu ankabwera mwakachetechete, kuwagwira dzanja, "pepani, pepani," ndipo pepani aliyense ankawakankhira pansi. Kenaka kunja kunamveka phokoso. Pumulo analowa ndi ufa m'manja, monga amachitira achimbuya pamaliro, n'kuwapaka kumutu konse mpaka m'makutu. "Ona Mutonga uyu! Ulira chani? Mukazi wathawa mkonono wako, naine nenze ningathawe! Sembe yafa ng'ombe sembe tamvera. Nyamuka udye, usatinunkhise pano!" Iwo anakwiya, anamutukwana, ndipo pakati pa kutukwanako anapezeka akuseka, kenaka akulira kulira kwenikweni kumene kunakana kutuluka masiku onse aja. Madzulo ake anadya. Pa anthu onse a pamaliropo, Pumulo yekha ndiye anawaona ngati munthu amene adakali moyo.

Ba Mweetwa anadzimenya pachipumi pa benchi pomwepo. "Chitsiru cha munthu ine," anatero mokweza, mpaka mayi wogulitsa nthochi anatembenuka.

Mawa lake masana anafika ku Malota opanda lalanje ngakhale limodzi, chipewa chili kumutu. Ba Lonah anawanong'oneza pakhomo kuti mnzawo wabwereranso pakama, kompyuta akungosewera nayo pang'ono Gladys akaweruka, chotsekera botolo chili m'malo mwa kwini, ndipo mbale zikubwerera zodzaza. M'chipinda chochezera makina anali atafunditsidwa chitenje, maluwa apulasitiki atabwerera pamwamba. Ba Mweetwa sanawakhudze. Ananyamula bolodi ndi zidutswa, anakaziika pa situlu pansi pa mtengo wa mango, n'kubwerera kukaima pakhomo la kuchipinda. Ba Pumulo atawaona anatseka maso.

"Iwe wodya hopani!"

Mawuwo anatuluka okhwima moti ba Lonah anagwetsa sipuni kukhichini. Maso a ba Pumulo anatseguka.

"Ugona usana monga ng'wena pa mchenga! Uganiza sitiziba? Unaona kuti nakuwina maningi, wati lekani nizigwetse m'bafa banimvere chifundo. Ulesi wa Balozi! Kukamba wasiya, ati sitiroko. Ni Mulungu anamvera mapemphero ya Malota yonse, makutu yathu yapumula. Nyamuka! Kapena uyopa? Bokosi ija inakuwina ilibe na manja, manje ine nili nayo yabili."

Anatulutsa kwini m'thumba n'kuiponya pabulangete.

"Tenga mukazi wako. Uzamufuna."

Ba Mweetwa anaganiza kuti mwina apa ndiye aphetsa zonse. Ba Pumulo anawayang'ana, mbali yamoyo ya kamwa ikugwedera. Kenaka dzanja lamanzere linafumbata kwini ija, n'kufufuza ndodo.

Ulendo wochoka pakama kufika pa mango unali wautali. Ba Mweetwa manja ankawayabwa kuti amugwirize mnzawo, koma anawapinda kumbuyo. "Fulumira, sitima ya ku Mulobezi inali na liwiro kupambana iwe!"

Anakhala. Ba Mweetwa anasewera ngati mmene ankasewerera m'tchire muja, mwaukali, mahachi patsogolo, pakamwa posatseka. Akadya msilikali ankamuimbira nyimbo ya maliro. Ba Pumulo ankasuntha mwakachetechete, mosafulumira, ndipo ba Mweetwa anayamba kuona kuti uyu si Pumulo wa kale wothamangira kumenya. Miyezi ija ya kukwapulidwa ndi bokosi inali itamuphunzitsa kudikira. Komabe mpata unapezeka: nsanja ya ba Pumulo inatsala yokha pakona, yopanda mlonda. Ba Mweetwa anaiyang'ana bwinobwino, anayang'ananso, pofuna kutsimikiza. Kachisoni kaja kanasuzumira, iwo anakaponda. Anatumiza kwini yawo kutsidya lonse la bolodi, pha!

"Nadya! Nadya bwato yako, Mulozi! Manje uzaoloka na chani?"

Anaimirira n'kuvina pang'ono, nsanja ili m'mwamba, mafupa akulira. Atakhalanso pansi anapeza ba Pumulo akuwayang'ana ndi maso aja a kale. Kwini ya ba Mweetwa inali kutali, kukona, ndipo mfumu yawo inatsala ndi nati ya njanji yokha pambali. Nsanja ija inali nyambo.

Dzanja lamanzere linanyamula kwini, yomwe ija inagona m'thumba la jekete, linaikweza m'mwamba, n'kuimenyetsa pafupi ndi mfumu. Pha! Nkhuku zinabalalika.

Kamwa yopindika ija inatseguka. Mitsempha ya m'khosi inatupa. Panatuluka mpweya wokha, kenaka kaphokoso, ndipo ba Mweetwa anagwira m'mphepete mwa situlu osapuma.

"Th... tha..."

Ba Lonah anali ataima pakhomo, chitenje chili pakamwa.

"Tha... wa."

Linali liwu lophwanyika, lolemera, losamveka bwino kwa munthu wodutsa. Koma ba Mweetwa analimva lonse, ndi mbali imene inatsalira m'khosi, ya wamabisi ndi madzi ofika. Anayang'ana bolodi. Kothawira kunalipo kabokosi kamodzi, ndipo kuseri kwake kunali bishopu akudikira. Anagonja, kugonja kwenikweni, kopanda kupereka. Misozi inatsika mpaka m'ndevu ndipo sanaibise.

"Mfiti iwe," anatero ba Mweetwa. "Miyezi yonse iyi uli zii, liwu yoyamba ni yonitukwana ine? Osati mukazi wako, osati Mulungu, ine?"

Ba Pumulo anaseka. Kunali kuseka kwa mbali imodzi, kwa malovu, kogwedeza mapewa, ndipo kunamveka mpaka kumsewu. Aneba aja, amene zaka zonse sankatembenuka, tsiku limenelo anatuluka m'nyumba n'kudzaima pa mpanda.

Mawu ambiri sanabwerere. Ba Pumulo anakhala zaka zina zingapo ndi mawu ochepa oti n'kuwerenga pa zala, ndipo ambiri mwa iwo sanali oti n'kunena m'tchalitchi. Kompyuta inatsala, ndipo m'mawa ankaiyatsa ndithu. Ba Mweetwa ankakhala manja ake mokhulupirika, ikati idya iwo ankadya, n'kuonjezerapo chipongwe chimene bokosilo silinkatha. Koma dzuwa likapendeka ankaifunditsa chitenje, firiji n'kuyambanso kulira, bolodi n'kutuluka panja.

Tsiku lija pansi pa mango, Gladys pobwera ku ntchito anawapeza akadali pomwepo. Anafunsa ngati alumikize makina. Bambo ake anapukusa mutu osamuyang'ana n'komwe. Anali kalikiliki kuimika zidutswa ndi dzanja limodzi, ndipo atafika pa nati ya njanji anaikankhira kwa mnzawo.

"Ika bwino, wodya hopani," anatero ba Mweetwa, akupukuta m'maso ndi chipewa. "Gemu ikubwera iyi nizakusambika mpaka umire."